Yosefe Wobedwa ndi Mvula ya Eni

São Paulo, 9 Okutobala 1983

Wokondedwa Lindalva, make Ritinha,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko, iwe ndi kamwana kathu? Ine ndinafika bwino, Mulungu anandisunga panjira, kungoti msana ukadali kudandaula ndi mpando wa basi ija. Ntchito ndinaipeza. Tikumanga nyumba yosanjikana, ine gawo langa ndi wilibala ndi matumba a simenti. Timagona m'chisakasa cha matabwa kuseri kwa chimangocho, tilimo ambiri, ndipo pafupifupi tonse ndife othawa chilala cha kwathuko.

Tsopano tamva nkhani, wakuba iwe. Tsiku lofika, ndikumasula ukonde wanga wogonamo kuti ndiupachike, ndinangomva kanthu kuti gu! pansi. Kuyang'ana, ndi Yosefe Woyera wa a Dona Firmina, yemwe uja wamtengo wothothoka mphuno, Mwana Yesu ali m'manja. Ndinachita kukhala pansi. Ndinkadziwa kuti unakamuba sabata ija ndisananyamuke, monga timachitira mvula ikakana: kumuba, kumubisa, osamubweza kwa mwini wake mpaka atatipempherera mvula n'kugwa. Pamenepo ndilibe mawu, amayi anga ankateronso. Koma pobisa pake, mkazi wanga, m'nyumba monse muja unasowa malo, mpaka kukamukulunga mu ukonde wa munthu wapaulendo? Ndiye taona zimene wachita. Kuno mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, ikugwera pa phula ndi pa malata, wobzala palibe ndi mmodzi yemwe. Woyera uja ntchito yake akugwira ndithu, koma akugwirira eni.

Pali mnzanga wogona pafupi nane, dzina lake Natanael, mmisiri womanga wochokera ku Pernambuco, wa mpingo uja woimba m'manja. Atamuona Yosefe anaseka mpaka misozi. Kuno munthu amakuitana ndi dzina la kwanu, ndiye akuti, "Iwe Ceará, anzako amabwera ndi nsapato za ntchito, iwe wabwera ndi chidole?"

Ndinati, "Pakamwa pakopo usamale, m'bale. Ameneyu ndi kalipentala, akhoza kukulanda ntchito."

Akuti, "Ayambe wakonza kaye mphuno yakeyo."

Ndi wamwano koma mtima ngwabwino. Ndi yemweyo anandibwereka chipewa cholimba tsiku loyamba, kapitawo atafuna kundibweza.

Ndaikamo kangachepe m'kalatamu, ndi ka sabata yoyamba. Ugule ufa wa chinangwa ndi shuga pang'ono wa Ritinha, zovala zidikire. Mbuzi usaigulitse, ndiyo mkaka wa mwana. Uziwamba pamoto mandakaru, chomera chaminga chija, minga ikapserera n'kuipatsa, koma usamale manja. Ndipo mabotolo aja a mbewu, a chimanga ndi a nyemba, amene ndinawamata ndi phula la njuchi, usawatsegule zivute zitani. M'mudzi monse atsala nayo mbewu ndi owerengeka. Uwaike pamwamba, paja Ritinha amakonda kugwedeza botolo la nyemba kuti azivina, tsiku lina adzaliswa.

Umupsompsone pamphumi, umuuze kuti atate ake apita kukatenga mvula. Bodza silili lonse, poti mwini mvulayo ndili naye m'chikwama.

Ine mwamuna wako,
Genesio


São Paulo, 13 Novembala 1983

Make Ritinha,

Landira moni wanga. Kalata yako inafika, ndipo ndakondwa kumva kuti muli moyo ndi kuti Ritinha wayamba kuitana mbuzi ndi dzina. Ine ndili bwino, kupatula manja amene simenti yawang'amba. Ndikumapaka mafuta ophikira, usade nazo nkhawa.

Zandiwawa zimene akukunena amayi pa mzere wa galimoto ya madzi. Ndiye kuti mudzi wonse wadziwa kuti Yosefe ali ku São Paulo? Amene anakuuza kuti mwamuna wako anathawa ndi mvula yathu ndamudziwa ngakhale sunamutchule, pakamwa pamenepo m'pamodzi pokha m'mudzi monse. Ukamukumbutse kuti chilalachi chinayamba Yosefe ali phee pa shelefu ya mwini wake, zaka zonsezi. Ndikulemba molimba chonchi, koma nanenso mumtima simuli bwino. Mvula ikamagunda malata kuno, ndimamva ngati ndikudya chakudya cha mwana wanga.

Wati a Dona Firmina akungoyatsa kandulo pamalo opanda kanthu paja. Zimenezo zandipweteka kuposa zonena za enawo. Munthu uja ndi mayi wa ubatizo wa mwana wathu, ndipo woyera ameneyu anali wa agogo awo.

Pa positi sindingamuike. Woyera sayenda m'thumba limodzi ndi nsapato za anthu, ndiponso angafike wopanda mutu. Pali Valdir wa ku Quixadá, kwathu ku Ceará konko, amene akuti apita kwawo pa Khirisimasi. Ndimati ndimupatsire adzakusiyire, iwe umubise konko mpaka mvula. Koma m'kalata yako ukuti ndisafulumire, akhale kaye kuno. Sindikukumvetsa, mkazi wanga. Anthu akukudya miseche chifukwa cha iyeyu, iwe n'kumati akhale?

Lamulungu masana Natanael amawerenga Malemba mokweza, kaya wina afune kaya asafune. Sabata yatha anawerenga za mneneri wa nthawi ya chilala, amene anawerama pansi kupemphera n'kumatuma wantchito wake kukayang'ana cha kunyanja. Kupita, kulibe kanthu. Kupitanso, kulibe kanthu. Mpaka pomaliza kunatulukira kamtambo kochepa ngati chikhatho cha munthu.

Ndinati, "Wantchito ameneyo anali wa kwathu ndithu. Ife makosi anapindika kale ndi kuyang'ana kumwamba."

Iye akuti, "Ndiye chikhulupiriro chake n'chimenecho, Ceará. Kubwererako kumene dzulo unapeza kuli mbee."

Munthu wina wa ku Bahia anakuwa ali mu ukonde wake kuti, "Abusa, tawerengani pamene pali za malipiro a sabata ino!" Tonse tinaseka, koma anali ndi chifukwa chofunsira. Zimenezo ndidzakuuza tsiku lina.

Zinthu kuno zikukwera mtengo ngati zili ndi miyendo. Nyemba zimene ndinagula mwezi watha, lero ndalama yomweyo ukungopatsidwa theka. Ndatumizazi ndi zochepa kuposa zija, undikhululukire. Madzi a pa galimoto uziwiritsa usanamupatse mwana, ngakhale nkhuni zikuvuta. Mabotolo aja uziwayang'ana ngati phula silinang'ambike, anankafumbwe sachedwa.

Moni kwa a Dona Firmina, ngati angaulandire moni wa wakuba.

Ndine wako,
Genesio


São Paulo, 18 Disembala 1983

Lindalva wanga, make Ritinha,

Moni. Ine ndili moyo, chifuwa chokha ndi chimene chikundivuta pang'ono chifukwa cha chinyezi. Kalata yako ndaiwerenga kangapo, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Ndiyambe ndi zabwino. Miyala ya mchere ija munaika panja pa tsiku la Luzia Woyera, mwala umodzi kuimira mwezi umodzi, kuti umene unyowe ulosere mwezi wa mvula, wati munaipeza yonse ili gwa, kupatula wa Malichi umene unachita kachinyezi pang'ono. Iwe ukuti mwina ndi mame chabe. Ine ndikuti ndi kamtambo kaja konga chikhatho. Malichi ndi mwezi wa Yosefe, ndipo mvula ikagwa pofika tsiku lake, chaka chimakhala chapulumuka. Ndinamuuza Natanael, iye akuti Mulungu salemba makalata pa mchere. Ndinati Mulungu alemba pamene wafuna, mchere ngwake.

Tsopano za Ritinha. Kutsegula m'mimba kumeneko kwatenga nthawi, ndipo wati mbuzi nayo yauma mkaka. Upite naye kuchipatala, usadikire. Ngati palibe chokwera, upemphe bulu wa a Dona Firmina, sangakukanize pa nkhani ya mwana wawo wa ubatizo. Uzimumwetsa madzi owiritsa othira kashuga ndi kamchere, pang'onopang'ono ndi supuni, ngakhale akane.

Wandifunsa ngati ungatsegule botolo limodzi la nyemba kuti umuphikire msuzi. Mkazi wanga, funso limeneli landisowetsa mtendere. Ndikudziwa kuti sukanafunsa mukanakhala kanthu m'nyumba. Koma taganiza, tikadya mbewu, mvula ya Malichi idzatipeza ndi chiyani m'manja? Tidzayang'ana minda ya anzathu ikubiriwira, ife tili chilili, ndipo ine ndidzakalamba ndi wilibala kuno. Pirira pang'ono. Sabata yamawa nditumiza ndalama, ukagule nyemba za pamsika. Zija zisiye.

M'kalata ino mulibe kanthu, usavutike kugwedeza envelopu. Ntchito ija yaima pang'ono, eni ake akuti ndi za masiku ochepa. Chisakasa chija anatitulutsamo, ndiye ine ndi Natanael tikukhala kwa mlongo wake, kanyumba ka matabwa m'mphepete mwa mtsinje. Ndalemba keyala yake kuseriku. Maganyu sasowa, dzulo ndinatsitsa matumba a anyezi pamsika. Valdir sapitanso kwawo, nayenso zamuvuta, choncho Yosefe adyera Khirisimasi kuno monga unafunira. Ndamuika pa bokosi pakona. Mlongo wake wa Natanael amamuphimba ndi nsalu anzake a mpingo akamabwera, koma ndinamuona tsiku lina akumupukuta fumbi.

Ndimagwada pamaso pake, ndimati, "Inu munasungapo mwana m'dziko la eni, mukudziwa mmene zimakhalira. Wangayo ndamusiya kutali, mupempherereni."

Undiyankhe msanga, ngakhale mawu awiri okha.

Mwamuna wako,
Genesio


São Paulo, 22 Januwale 1984

Make Ritinha,

Ndikupatsa moni chifukwa kalata imayamba ndi moni, koma sindikufunsa ngati uli bwino. Ndipo dzina limeneli sindisiya kukuitana nalo. Unamubala, ndiwe make mpaka kale.

Kalata ya a Dona Firmina inapita ku chimango chakale chija, inakhala m'thumba la mlonda, yandipeza dzana. Ndiye kuti masiku onsewa ndimagwada kupempherera mwana amene anali kale m'nthaka. Ndalama ija ndinatumiza itachedwa, akuti inafika n'kugulira matabwa a kabokosi.

Andilembera zonse. Akuti anamusokera kadiresi koyera kuchokera ku nsalu ya pa shelefu paja pankakhala Yosefe. Akuti kabokosi anakapaka utoto wa buluu, maso anamusiya otsegula kuti aone njira, ndipo ana a m'mudzi ndi amene anamunyamula. Akutinso iwe sunagwetse msozi ndi umodzi womwe, ndipo amayi onse akukutama kuti ndiwe wolimba, sunanyowetse mapiko a kamngelo, kauluka bwinobwino. Paja amati misozi ya kholo imalemetsa mapiko a mwana womwalira.

Ine ndiye ndinanyowetsa, Lindalva. Ndinalira pamsewu, anthu akudutsa, kalata ili m'manja. Ndinalira mokuwa ngati ng'ombe. Kenako mantha anandigwira kuti ndamulemetsa mwana wanga, akanika kukwera chifukwa cha atate ake. Natanael anandipeza nditakhala m'mphepete mwa ngalande. Anakhala pansi pomwepo, buku lake osalitsegula.

Nditamuuza za mapiko, anati, "Genesio." Aka kanali koyamba kunditchula dzina langa. Anati, "Ambuye Yesu anaima pa manda a bwenzi lake. Ankadziwa kuti pompo amuukitsa, koma analira, anthu akuona. Tsono ngati mwini moyo analira, iwe wa wilibala ndiwe yani kuti uume m'maso?"

Ndiye ndikukuuza, mkazi wanga, lira. Tseka chitseko ngati ukuopa amayi aja, koma lira. Mulungu amene anapanga mapiko sangalephere kuwaumitsa.

Pali chinthu china m'kalata ija chimene chikundidya. A Dona Firmina akuti mabotolo onse ali pamwamba paja, phula lili lomata. Unandimvera. Bwenzi usanandimvere. Akuti adokotala ananena kuti vuto linali madzi, nyemba sizikanasintha kanthu. Mwina ndi zoona, mwina amangotitonthoza. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwana wanga anali ndi njala, make anapempha, ine n'kuyankha za Malichi.

Ndikanabwera lero lomwe, koma yokwerera basi ndilibe. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi.

Iwe sunandilembere. Sindikukukakamiza, koma ndikudikira.

Ine atate ake a Ritinha,
Genesio


São Paulo, 19 Febuluwale 1984

Lindalva, make Ritinha,

Moni, mkazi wanga. Ndili moyo. Pepalali lakwinyika chifukwa zinthu zathu zonse zinanyowa, ndikufotokozera m'munsimu.

Kalata yako yafika, mizere yake yochepa ija. Ukuti Yosefe sunamuiwale mu ukonde, unamuikamo dala. Ukuti unamva kuti kuno anthu amagwa pa makwerero, ndiye unasankha kuti akasunge ine m'malo mosunga mvula. Ukuti unasinthanitsa mwana ndi mwamuna, sukupempheranso, ndipo ndisabwere kudzakuona nkhope. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake unkati akhale kaye kuno. Miyezi yonseyi umanyozedwa pa mzere wa madzi uli chete, chifukwa cha ine. Ine n'kumakutcha wakuba moseka.

Tamvera zimene zinachitika Lachiwiri. Mvula inayamba masana, yamphamvu, ndipo dzuwa lisanapendeke mtsinje unali utalowa m'nyumba. Tinatulutsa ana a mlongo wake wa Natanael, mbaula, matiresi, n'kukwera nazo pamtunda. Ndikutembenuka ndinaona bokosi lija likutuluka pakhomo, likuyandama, Yosefe ali chagada pamwamba pake. Ndikuuze zoona, ndinangoima. Mumtima ndinati, pitani, madzi mumawakondawo ndi amenewo. Kwathu munakana ndi dontho lomwe.

Amene analumphira m'madzimo ndi Natanael. Madzi akuda, onunkha, ofika m'chifuwa, munthu wosadziwa n'kusambira komwe. Mlongo wake akukuwa, "Bwerera, chitsiru iwe, uli ndi ana kumudzi!" Anamugwira Yosefe mwendo, n'kubwerera akutsokomola.

Ndinati, "Wapenga kodi? Ufere chidole chomwe umachinyoza tsiku ndi tsiku?"

Anandiponyera pachifuwa, akuti, "Chidole n'chidole, mawu anga sindibweza. Koma ichi anakukulungira ndi mkazi wako, ndi manja ake. Chikondi cha munthu sitichisiya chipite ndi madzi a m'ngalande." Atapuma anawonjeza kuti, "Ndipo ukamulembere mkazi wakoyo. Mtengo umene walephera kudzitulutsa wokha m'madzi, ungalande mvula ya Ceará yense? Mulungu sanakwere basi, Ceará. Sali m'chikwama chako."

Ndiye ndikulemba monga anandituma. Ine pa za oyera sindigwirizana naye, ndipo ndidzafa ndikudziwa kuti Yosefe weniweni ali kumwamba ndipo amamva. Koma pa ichi wanena zoona. Ndamuyang'ana bwinobwino ndikumupukuta matope. Ndi mtengo, Lindalva, wopepuka kuposa njerwa. Mvula ya kwathu sinali m'menemu. Munali mtima wako basi, ndipo umenewo unandisungadi, pakuti pa makwerero sindinagwe.

Ukati unapha mwana ndi Yosefe, ine ndinena kuti ndinamupha ndi botolo, ndiye tikhala anthu awiri opha mwana mmodzi, aliyense ku mbali yake ya dziko, mpaka tife. Ritinha sanaphedwe ndi make. Make anamunyamula pa bulu dzuwa lili pamutu kupita naye kuchipatala.

Chifukwa chimene Mulungu anamutengera sindikuchidziwa, ndipo Natanael nditamufunsa anavomera kuti nayenso sadziwa. Ndamukwiyira Mulungu, ndipo ndimamuuza m'maso muli gwa. Koma ndazindikira kuti poti ndikumuuza, ndiye kuti sindinamutaye. Munthu sukangana ndi amene kulibe. Iwe ngati sungathe kupemphera, usadzikakamize. Ndizipemphera za awiri mpaka mawu ako abwerere, monga umandisenzera chidebe ndikadwala.

Udye, ndapota nawe.

Wako nthawi zonse,
Genesio


São Paulo, 8 Malichi 1984

Make Ritinha,

Moni wochokera kwa mwamuna wako, amene ali bwino, chifuwa chija chayamba kupepuka. Iwe uli bwanji ndikudziwa, ngakhale sunayankhe, pakuti a Dona Firmina andilemberanso. Akuti umakhala pakhomo tsiku lonse kuyang'ana kunjira ya kumanda, ndipo chakudya chimene amakubweretsera chimabwerera momwe chinabwerera. Akutinso kumwamba kukadali mbee.

Pali mawu amene andituma ndikuuze, poti iwe ukawaona umalowa m'nyumba. Akuti, "Muuze mkazi wakoyo kuti tsiku lija ndinamuona akutuluka, woyera ali pansi pa shawelo, miyendo ikuonekera. Ndinayang'ana kumbali dala. Ndikanakhala ndi mwamuna wopita kutali, nanenso ndikanamuika m'chikwama."

Ndikubwera, Lindalva. Unati ndisabwere, koma nthawi ino ndi ine amene sindikumvera. Anthu a mpingo wa Natanael, omwe aja mlongo wake ankawabisira Yosefe ndi nsalu, anasonkherana Lamulungu, ine n'kugulitsa nsapato za ntchito, tikiti yakwana. Ndinyamuka sabata yamawa, kalatayi itsogole. Ndifika tsiku la Yosefe lisanakwane, ndipo ndilibe mphatso, ndilibe ndalama.

Ndaganiza chinthu, ndipo anthu adzati wapenga. Mwambo umati woyera wobedwa sabwezedwa mvula isanagwe. Ife tidzamubweza pa tsiku lake, kaya yagwa kaya sinagwe. Ndatopa kumugwira ngati mkaidi. Tamuba, tamubisa, tamuopseza, ngati kuti Mulungu amapereka mokakamizidwa. Tidzamunyamula iwe ndi ine, poyera, pa fumbi pomwepo, ndi nyimbo zonse zimene timaimba mvula ikagwa. Amene afune kutiseka atiseke, wa pakamwa paja ayambe ndiye. Ngati mawu ako sadzatuluka, udzangoyenda pambali panga.

Dzulo Natanael anandiwerengera zotsazikana nazo. Akuti kunali mneneri wina amene anagula munda mzinda wake utazingidwa ndi adani, aliyense akudziwa kuti mawa lake onse atengedwa ukapolo. Anaugula, mboni zikuona, chifukwa Mulungu anali atanena kuti m'dziko limenelo anthu adzalimanso. Ndinati ameneyo anamubera. Iye anaseka, akuti, "Eya, ngati mmene fumbi la kwanu likubere mbewu yako." Kenako anandikumbatira, munthu wamwano uja, n'kundiuza kuti ndikamupatsire moni kalipentala akafika pa shelefu yake.

Tsono tamva malangizo anga omaliza, ndipo awa ndi osiyana ndi akale aja. Utsitse mabotolo. Limodzi la nyemba ulitsegule lero lomwe ukawerenga kalatayi, uphike, udye, uwapatseko a Dona Firmina. Ndikufuna ndidzakupeze uli ndi mphamvu zogwira khasu. Enawo tidzabzala pouma, monga ankachitira atate ako, mbewu idikire mvula m'nthaka. Ikhoza kupserera momwemo, ndikudziwa. Sindikukulonjezanso za Malichi, ndinalonjeza kokwanira. Ndangoona kuti m'botolo simumera kanthu.

Botolo lija ankagwedeza Ritinha, lokhala ndi kachingwe kofiira pakhosi, ulisiye kaye. Limenelo tidzatsegula tili awiri. Ndikufuna undiperekeze pamene wagona, undionetse, pakuti ine sindikudziwa n'komwe mbali yake. Tikachoka pamenepo tidzalowa m'munda, ine ndizikumba mapando, iwe uziponya. Tinaika kale m'nthaka youmayo chinthu choposa nyemba, mkazi wanga, ndipo Amene tinamusungitsa analonjeza kuti adzachidzutsa. Ngati tamukhulupirira pa mwana, pa nyemba sitingamukanize.

Unole makasu onse awiri.

Ine mwamuna wako, wobwera,
Genesio